Maso Ali Bwino Koma Mwana Akuvutika Kuona: Zoyenera Kuchita Kholo

Funso limene makolo amandifunsa kawirikawiri limabwera motere: mwana anakayezedwa maso, anawerenga zilembo za pakhoma mpaka mzere wa pansi, ndipo woyezayo anati maso ali bwino, koma mwanayo akatenga buku amadumpha mizere, amadandaula mutu, amatsinzina diso limodzi, kapena amakana n'komwe kuwerenga. Kenako wina amawauza makolowo za mafizo a maso, kutanthauza zochita zobwerezabwereza zophunzitsa maso kugwira ntchito limodzi, ndipo iwo amafuna kudziwa ngati ayambe. Ndayankha funsoli kambirimbiri, choncho ndalemba yankho lonse pano. Mafizo a maso amathandizadi pa mavuto ochepa odziwika bwino, pamene pa mavuto ena sathandiza konse, motero ntchito yoyamba ya kholo ndi kudziwa dzina lenileni la vuto la mwana wake.

Kuti munthu aone bwino pamafunika zinthu zitatu. Diso lililonse liyenera kulandira chithunzi chomveka bwino, maso awiriwo ayenera kuloza malo amodzi pa nthawi imodzi, ndipo ubongo uyenera kutanthauzira zimene maso atumiza, monga kuzindikira nkhope, kusiyanitsa chinthu ndi zimene zachizungulira, ndiponso kudziwa kuti chili patali bwanji. Chikwangwani cha zilembo chija, chimene dokotala wa ku Netherlands, Herman Snellen, anakonza mu 1862, chimayeza chinthu choyamba chokha, diso limodzi pa nthawi, mwana ataima pa mtunda wa mamita 6. Akalemba kuti 6/6 amangotanthauza kuti mwanayo waona pa mamita 6 zimene diso labwino liyenera kuona pa mtunda umenewo. Nambalayi sinena kanthu za mmene maso amagwirizanirana pa buku limene lili masentimita 40 kuchokera pankhope.

1. Yambani mwaona ngati pali chizindikiro chosafuna kudikira

Mwanadiso akamaoneka woyera, kaya mukamamuyang'ana mwanayo kapena pa chithunzi chojambulidwa ndi kuwala kwa kamera, pitani kuchipatala msanga, chifukwa ikhoza kukhala ng'ala yobadwa nayo kapena khansa ya m'diso yotchedwa retinoblastoma, imene imagwira ana aang'ono. Chitaninso chimodzimodzi diso likapotoka mwadzidzidzi, mwana akayamba mwadzidzidzi kuona zinthu ziwiriziwiri, kapena mutu ukamamupweteka m'mawa pamodzi ndi kusanza. Maso a khanda amatha kusochera apo ndi apo m'miyezi yoyambirira, koma diso likapitiriza kupotoka mwana atadutsa miyezi 4, kapena likakhala lopotoka nthawi zonse, musamvere amene akunena kuti lidzawongoka lokha mwanayo akamakula. Zotsatirazi ndi za mwana amene alibe zizindikiro zimenezi.

2. Lembani zimene mukuona kwa masabata awiri

Mwana sadziwa kuti anzake amaona mosiyana ndi iye, choncho sangakuuzeni kuti zilembo zikuvina kapena zikuoneka ziwiri pokhapokha mutamufunsa mwachindunji. Tengani kope ndipo muzilembamo tsiku, nthawi, ndi chimene mwana amachita pamene vutolo linaoneka. Lembani ngati amayamba kuwerenga bwino kenako n'kulephera pakatha mphindi 10, ngati amaphimba diso limodzi ndi dzanja, ngati amapendeketsa mutu, ngati amapunthwa pa masitepe, ngati amalephera kukupezani pagulu la anthu, komanso ngati amamva bwino nkhani wina akamuwerengera. Lembaninso mbiri ya kubadwa kwake, makamaka ngati anabadwa masiku asanakwane, anabanika pobadwa, anadwalapo matenda oumitsa khosi kapena malungo okhudza ubongo, ali ndi khunyu, kapena anavulalapo m'mutu. Dokotala amakhala ndi mwana wanu kwa nthawi yochepa, ndipo kope limeneli limamuuza zimene sangaone m'chipinda choyezera.

3. Pemphani kuyeza kokwanira

Kuyeza kwachangu kumene kumachitika kusukulu ndi kothandiza, koma sikokwanira pa nkhani ino. Pitani kwa dokotala wa maso kapena kwa katswiri woyeza maso amene anazolowera ana, ndipo pemphani zinthu zitatu. Choyamba, amudontheze mankhwala opumitsa minofu ya m'diso asanamuyeze magalasi. Diso la mwana lili ndi mphamvu yodzikakamiza kuona bwino kwa kanthawi, moti limatha kubisa vuto lofuna magalasi amphamvu ndithu, ndipo kudzikakamiza kumeneku ndi kumene kumabweretsa mutu ndi kutopa. Mankhwalawa amachititsa kuti mwana aone mwachimbuuzi ndiponso kuti kuwala kuzimuthobwa mpaka tsiku lotsatira, choncho musasankhe tsiku la mayeso. Chachiwiri, ayeze mmene maso amalozera, pophimba diso limodzi ndi kulivundukula, mwana akuyang'ana kutali komanso pafupi. Chachitatu, ayeze malo apafupi kwambiri amene maso awiri angatsatire chinthu chikubwera chakumphuno, ndipo akuuzeni nambala yake m'masentimita. Ilembeni nambalayo, pakuti mudzaifuna pa gawo lomaliza.

4. Musachoke musanamve dzina la vuto

Mawu akuti mwana ali ndi vuto la kaonedwe ndi otakata kwambiri, ndipo amaphatikiza zinthu zimene chithandizo chake n'chosiyana kotheratu. Mayina amene mungamve kawirikawiri ndi anayi.

Loyamba ndi amblyopia. Apa diso limodzi silinaphunzire kuona bwino chifukwa paubwana linkatumiza chithunzi chosamveka kapena linali lopotoka, ndipo ubongo unazolowera kulinyalanyaza. Vutoli limapezeka mwa ana pafupifupi 2 kapena 3 pa 100 alionse, ndipo chithandizo chake ndi magalasi, chigamba chophimba diso, kapena mankhwala odontheza.

Lachiwiri ndi convergence insufficiency, pamene maso amalephera kutembenukira m'kati mokwanira poyang'ana chinthu chapafupi. Zili ngati ng'ombe ziwiri zokoka ngolo imodzi, ina ikumapatuka pang'ono nthawi ndi nthawi: ngolo imayendabe, koma woyendetsa amatopa msanga. Pa vuto limeneli m'pamene mafizo a maso ali ndi umboni wabwino. Kafukufuku wotchedwa Convergence Insufficiency Treatment Trial, amene zotsatira zake zinatuluka ku United States mu 2008, anatsatira ana 221 a zaka 9 mpaka 17 kwa masabata 12. Mwa ana amene ankachita mafizo kwa katswiri kamodzi pa sabata n'kumapitiriza kunyumba, 73 pa 100 alionse anachira kapena kupezako bwino, pamene mwa amene ankangochita mafizo a pensulo kunyumba anali 43 pa 100 alionse.

Lachitatu ndi CVI (cerebral visual impairment), pamene maso angakhale abwinobwino koma mbali za ubongo zotanthauzira zooneka zinavulala. Mwana wotere amaona bwino lero, mawa n'kumaoneka ngati sakuona, ndipo chifukwa cha zimenezi amanamiziridwa kuti akuchita dala.

Lachinayi ndi dyslexia, ndipo apa m'pamene makolo ambiri amatayira ndalama ndi nthawi. Dyslexia ndi vuto la kulumikiza zilembo ndi maliwu a chilankhulo, ndipo gwero lake silili m'maso. Mu 2009, mabungwe a American Academy of Pediatrics ndi American Academy of Ophthalmology pamodzi ndi ena anatulutsa chikalata chonena kuti mafizo a maso ndi magalasi amitundu alibe umboni woti amachiza dyslexia. Chimene mwana wotere amafuna ndi mphunzitsi womuphunzitsa maliwu mwandondomeko. Dziwaninso kuti kusokoneza b ndi d n'kwachizolowezi mpaka zaka pafupifupi 7, ndipo pakokha si umboni wa matenda alionse. Mwana mmodzi akhoza kukhala ndi mavuto awiri mwa amenewa nthawi imodzi, ndipo zikatero lililonse limafuna chithandizo chake.

5. Magalasi akalembedwa, ayambe ndi amenewo

Mwana avale magalasiwo monga dokotala walangizira, ndipo pa amblyopia nthawi zambiri amatanthauza tsiku lonse. Ana ena diso lofookalo limayamba kuona bwino ndi magalasi okha pakatha miyezi 3 kapena 4, moti dokotala amatha kudikira kaye asanayambe chigamba. Magalasi sachititsa maso kufooka. Onetsetsani kuti akukwana bwino pamphuno, chifukwa mwana amene akuyang'ana pamwamba pa magalasi otsetsereka ali ngati sanavale.

6. Chigamba: phimbani diso labwino

Cholakwa chimene ndimachiona mobwerezabwereza ndi kuphimba diso lofooka, poganiza kuti lodwala ndi limene likufuna kupuma. Lophimbidwa ndi diso lamphamvu, n'cholinga choti ubongo ukakamizike kugwiritsa ntchito linzakelo. Pemphani dokotala akulembereni papepala kuti ndi diso lakumanja kapena lakumanzere, ndiponso maola angati pa tsiku. Kafukufuku wa gulu la akatswiri ofufuza matenda a maso a ana lotchedwa PEDIG mu 2003 anapeza kuti pa amblyopia yapakatikati, maola 2 pa tsiku amathandiza mofanana ndi maola 6, choncho musawonjezere maola mwa inu nokha. Kuphimba mopitirira muyeso, makamaka mwa mwana wamng'ono, kukhoza kufooketsa diso limene linali labwino.

Chigamba chomata pakhungu n'chabwino kuposa chopachika pa magalasi, chifukwa mwana amasuzumira m'mbali popanda inu kuzindikira, ndipo magalasi amavalidwa pamwamba pa chigambacho. Masiku oyambirira ndi ovuta kwambiri popeza mwamuchotsera mwanayo diso limene amadalira, ndipo kulira kwake kuli ndi chifukwa chomveka. Sankhani nthawi imene sanatope ndiponso alibe njala, khalani naye pafupi, ndipo mupatseni chochita chimene amakonda, monga kujambula kapena kutunga mikanda ikuluikulu. Asakwere njinga kapena kuwoloka msewu atavala chigamba. Khungu likayamba kufiira, nyowetsani chigambacho ndi madzi ofunda musanamatule. Zikakanika zenizeni, funsani za mankhwala a atropine, amene amadonthezedwa m'diso labwino kuti lizioona mwachimbuuzi pafupi, ndipo pa amblyopia yapakatikati amagwira ntchito mofanana ndi chigamba. Mankhwalawa ndi oopsa akamwedwa, choncho asungidwe kumene ana sangafikire, ndipo mwana akatentha thupi kapena kufiira nkhope atawalandira, siyani kudontheza n'kukaonana ndi dokotala. Chithandizo cha amblyopia chimayenda bwino mwana asanafike zaka 7, komabe ana okulirapo ena amapindula, choncho musataye mtima chifukwa cha msinkhu wokha.

7. Mafizo a kunyumba: phunzirani kuona ngati akuchitika moyenera

Gawo ili ndi limene malangizo ambiri amangolidutsa ndi mawu akuti muzichita mafizo tsiku lililonse. Vuto lake n'lakuti mwana akhoza kuchita mafizo kwa miyezi itatu ndi diso limodzi lokha, inu muli pomwepo, osazindikira. Ubongo ukaona kuti zithunzi ziwiri zikuusokoneza, umangozimitsa chimodzi, ndipo mwana amanena moona mtima kuti akuona pensulo imodzi ngakhale diso lina litapatukira kunja. Musanayambe, dziwani kuti zimene ndikufotokoza pano ndi za mwana amene katswiri wamupeza ndi convergence insufficiency. Mwana amene diso lake limapotokera m'kati, chakumphuno, sayenera kuzichita chifukwa zikhoza kukulitsa vuto lake.

Mafizo a pensulo amachitika motere. Mwana agwire pensulo atatambasula dzanja, molunjika ndi mphuno, n'kuyang'ana chilembo chimodzi chaching'ono cha pa pensuloyo. Pakhoma la kumbuyo kwa pensulo, pa mtunda wa mamita pafupifupi 2, matanipo kapepala kamodzi. Pamene mwana akuyang'ana pensulo ndi maso onse awiri, kapepala kaja kayenera kuoneka ngati tiwiri, ndipo umenewu ndi umboni wakuti maso onse akugwira ntchito. Kapepala kakaoneka kamodzi, ndiye kuti diso lina lazimitsidwa, ndipo mwana aphethire, agwedeze pensuloyo pang'ono, n'kuyambiranso. Tipepala tikaoneka tiwiri, abweretse pensulo pang'onopang'ono chakumphuno mpaka chilembo chija chitayamba kugawanika, ayesetse kuchibwezeretsa kukhala chimodzi, ndipo zikakanika abwerere m'mbuyo pang'ono n'kuyesanso.

Inu mukhale kutsogolo kwa mwana, maso anu ali pa maso ake osati pa pensulo. Mudzaona maso onse akulowa m'kati limodzi, kenako pa malo ena diso limodzi lidzaima kapena kubwerera kunja. Pamenepo m'pamene pali malire ake a lero, kaya mwana wanena kapena ayi. Musamufunse kuti, "Ukuona imodzi eti?" chifukwa mwana amafuna kukusangalatsani komanso kumaliza msanga, ndipo adzavomera. Mufunseni kuti, "Ukuona zingati tsopano?" ndipo muzimuyamikira akanena kuti ziwiri, pakuti yankho limenelo ndi limene likukuthandizani.

Chingwe cha Brock, chimene chinatenga dzina la katswiri wa maso Frederick Brock, chimaonetsa vuto la kuzimitsa diso momveka bwino kwambiri. Ndi chingwe choyera cha mamita 2 kapena 3 chokhala ndi mikanda itatu yosiyana mitundu. Mbali imodzi imamangidwa pa chogwirira chitseko, mbali ina mwana amaigwira pansonga ya mphuno, chingwe chili chokungika. Akayang'ana mkanda umodzi, ayenera kuona mkanda umodzi wokha ndi zingwe ziwiri zodutsana pa mkandawo ngati chilembo cha X. Akaona chingwe chimodzi, diso lina silikugwira ntchito. Zingwe zikadutsana kuseri kwa mkanda, maso akuloza patali kuposa pamene payenera, ndipo zikadutsana kutsogolo kwake, akuloza pafupi kwambiri. Mwana wamng'ono amavutika kufotokoza zimenezi ndi mawu, choncho muuzeni aloze ndi chala pamene zingwe zakumana, kapena ajambule zimene akuona. Yesani inuyo kaye musanamuphunzitse, chifukwa n'kovuta kuwongolera chinthu chimene simunachionepo ndi maso anu. Akatha kudumpha kuchoka pa mkanda wina kupita pa wina popanda X kusokonekera, sendezani mkanda wapafupi chakumphuno pang'ono.

Pa kafukufuku wa 2008 uja, ana amene anapindula kwambiri ankachita mafizo kunyumba mphindi 15 pa tsiku, masiku 5 pa sabata, kuwonjezera pa ola limodzi kwa katswiri. Mphindi 15 zochitidwa moyenera n'zaphindu kuposa ola lathunthu la mkangano, ndipo mukhoza kuzigawa pawiri. Ikani nthawi yokhazikika, makamaka homuweki isanayambe, maso asanatope. Kumva kukoka pang'ono pakati pa maso n'kwachizolowezi, koma mutu waukulu, chizungulire, kapena kuona ziwiriziwiri kumene kukupitirira mafizo atatha ndi chifukwa choimira ndi kufunsa katswiri. Musasandutse mafizo kukhala chilango, ndipo musamutchule mwanayo waulesi, chifukwa iye wakhala akugwira ntchito yowirikiza pa tsamba lililonse kuyambira kale. Ngati katswiri wa mafizo ali kutali moti simungapiteko sabata iliyonse, pemphani kuti pa ulendo uliwonse akuoneni inu ndi mwana mukuchita mafizowo, kuti akonze zolakwika zisanazolowereke.

8. Ngati ndi CVI, sinthani malo amene mwana akukhala

Pensulo ndi chingwe sizichiza CVI. Chothandiza ndi kuchepetsa zinthu zimene ubongo uyenera kusanthula pa nthawi imodzi. Mupatseni chinthu chimodzi pa nsalu ya mtundu umodzi, osati pa nsalu yamaluwamaluwa. Zimitsani wailesi pamene mukufuna kuti ayang'ane, popeza ana ambiri otere amavutika kumva ndi kuona nthawi imodzi. Mukamuonetsa chinthu, dikirani mwakachetechete, chifukwa kuyang'ana kwake kumachedwa kubwera. Mitundu yowala ndi zinthu zoyenda pang'ono zimakopa maso ake msanga. Ana ena otere saona bwino zimene zili pansi, choncho pakani utoto wowala m'mphepete mwa masitepe ndipo musasiye zinthu m'njira. Pagulu, tchulani dzina lanu mukamufikira m'malo moyembekezera kuti akuzindikireni nkhope. Ana ambiri a CVI amapita patsogolo pa kagwiritsidwe ntchito ka maso awo akamakula, makamaka akamathandizidwa ndi mphunzitsi wa ana a vuto la kuona.

9. Kambiranani ndi mphunzitsi

Pitani ndi pepala lalifupi lonena dzina la vuto ndi zopempha ziwiri kapena zitatu zimene mphunzitsi angakwanitse m'kalasi yodzaza, monga kukhala kutsogolo, kuloledwa kutsatira mzere ndi rula kapena chala, kuchepetsa zokopera pabolodi, ndi kupumitsa maso poyang'ana kutali kwa masekondi 20 pakatha mphindi 20 zilizonse za kuwerenga. Ngati chigamba chikuvalidwa nthawi ya sukulu, mphunzitsi adziwe kuti mwanayo aona mocheperako pa maola amenewo.

10. Yezaninso, ndipo dziwani posiyira

Musanalipire mafizo alionse, funsani katswiri chimene akufuna kusintha, mmene adzachiyezere, ndi tsiku lodzayezanso. Pa convergence insufficiency, pakatha masabata pafupifupi 12 nambala ya masentimita ija iyenera kukhala itatsika, ndipo kudandaula mutu kuyenera kukhala kutachepa m'kope lanu. Zikapanda kusintha, vutolo liunikidwenso m'malo mowonjezera miyezi ina. Chenjerani ndi aliyense wolonjeza kuti mafizo akweza mwana m'kalasi. Kafukufuku wina amene anatuluka mu 2019, wa ana a zaka 9 mpaka 14, anapeza kuti mafizo anakonza kagwirizanidwe ka maso koma sanakweze luso la kuwerenga kuposa mafizo ongoyerekeza. Mwana amene anatsalira pa kuwerenga afunikabe kuphunzitsidwa kuwerengako, kungoti tsopano adzatha kukhala pa buku popanda kupweteka.

Pa amblyopia, musasiye chigamba tsiku limene mwamva kuti diso layamba kuona bwino. Pafupifupi mwana mmodzi pa 4 alionse vutoli limabwerera m'chaka choyamba chithandizo chitasiyidwa, ndipo n'chifukwa chake madokotala amakonda kuchepetsa maola pang'onopang'ono m'malo moimitsa kamodzinkamodzi. Pitirizani kupita naye kokayezedwa m'chaka chimenecho pa masiku amene dokotala wakupatsani, ngakhale mwanayo asakudandaula chilichonse, popeza diso lamphamvu limabisa kubwerera m'mbuyo kwa linzake.